Tiphunzire Sayansi: Pamene Cholakwika Chisanduka Chishango

 Ndabwera ndi phunziro la Bayoloji, koma gwero lake ndi nkhani ya kumudzi.

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa azakhali anga. Iwo ali ndi mwana wamkazi wa zaka 7 amene kudwala kwake kwasowetsa mtendere banja lonse. Nyengo yozizira ikafika, msuweni wangayu amachezera kulira ndi ululu wa m'mafupa, maso ake amachita chikasu, ndipo magazi amamuthera pafupipafupi. Ali khanda ankatupa tizala ta m'manja ndi ta kumapazi. Pamudzi panamveka zambiri. Ena ankati mwana analodzedwa, ena ankaloza chala azakhali kuti ndiwo anabwera ndi tsoka, mpaka banja linatsala pang'ono kutha. Atayeza magazi kuchipatala anapeza kuti mwanayo ali ndi matenda a sickle cell. Anauza makolo kuti matendawa anatengera kwa onse awiri, bambo ndi mayi, ngakhale iwo eni ake ali bwinobwino.

Ine funso linandigwira. Ngati chinthu chotengera kumtunduchi chimazunza ndi kupha ana chotere, bwanji sichinathe kalekale? Bwanji chafala kwambiri kuno ku Africa? Nditabwerera ku seminale ndinafunsa aphunzitsi athu a Bayoloji. Iwo anandiyankha mwachidule kuti, "Mwana wanga, usafunse za jini lokha. Funsanso za malo amene mwini jiniyo akukhala." Kenaka ananditumiza ku laibulale. Zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna kugawana nanu.

Majini nchiyani?

Poyamba tisasokonezane. Majini amene ndikunena pano sali mizimu ija imene anthu amati imagwira munthu. Awa ndi malangizo olembedwa m'kati mwa maselo a thupi, amene mwana amalandira kwa makolo ake. Ndiwo amachititsa kuti mwana afanane ndi bambo wake mphuno, kapena mayi wake msinkhu.

Amene anayamba kuona malamulo a kutengera kumeneku anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, Gregor Mendel. Iye ankakhala mu mzinda wa Brno, umene tsopano uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 ankabzala nsawawa m'dimba la nyumba yawo ya amonke, kuzikwatitsa ndi kuwerenga zotsatira zake. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1866, koma anthu sanazilabadire mpaka 1900, iye atamwalira kale mu 1884. Mendel anaona kuti pa chikhalidwe chilichonse, mbewu imalandira malangizo awiri, amodzi kwa kholo ili, ena kwa kholo linalo. Anaonanso kuti malangizo ena amatha kubisala mu m'badwo umodzi ndi kudzaonekera mu m'badwo wotsatira.

Lero tikudziwa kuti malangizowa analembedwa pa kaulusi kotchedwa DNA, kamene maonekedwe ake anafotokozedwa ndi James Watson ndi Francis Crick mu 1953, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin. Alifabeti ya DNA ili ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Munthu amalandira zilembo pafupifupi mabiliyoni atatu kwa mayi, ndi zina zochuluka chomwecho kwa bambo. Jini ndi kachigawo ka zilembozi, ndipo majini ambiri amauza selo kapangidwe ka mapuloteni, amene ali ngati antchito a m'thupi.

Tsono selo lisanagawikane liyenera kukopera zilembo zonsezi. Tonse tikudziwa zimene zimachitika tikamakopera notsi za mnzathu mothamanga: pena chilembo chimasowa, pena chimasinthika. Selo limakopera mosamala kuposa ife, ndipo limakonza zolakwika zambiri, komabe zina zimadutsa. Cholakwika chotere asayansi amachitcha mutation. M'phunziro lino tizingoti kusintha kwa jini. Mwana aliyense amabadwa ndi zosintha zatsopano pafupifupi 60 kapena 70 zimene makolo ake analibe. Zambiri sizichita kanthu. Zina zimavulaza. Zochepa kwambiri zimathandiza.

Muyeso wake ndi ana

Kodi asayansi amadziwa bwanji kuti kusintha kwakuti nkovulaza kapena nkothandiza? Muyeso wao ndi umodzi: chamoyo chokhala ndi kusinthako chikusiya ana angati amene nawonso adzakula ndi kubereka, poyerekeza ndi anzake opanda kusinthako? Chikasiya ana ambiri, jini losinthikalo limafala. Chikasiya ochepa, jinilo limanka lichepa mpaka kutha. Muyeso umenewu ndi wowerengera kufala kwa majini basi, suyeza ulemu kapena kufunika kwa munthu.

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Kupulumuka ndi kubereka kumachitikira pamalo, ndipo malo amasiyana. Kwina kuli chilala, kwina kuzizira, kwina matenda, kwina mankhwala akupha. Zonsezi tizitcha malo ovuta, kutanthauza malo amene chamoyo chimakula ndi kubereka mochepa kuposa m'mene chikanachitira pamtendere.

Chitsanzo chosavuta ndi amphaka a mtundu wa Siamese. Iwo ali ndi kusintha pa jini lopanga utoto wa ubweya, kotero kuti puloteni yopanga utotoyo imagwira ntchito pamalo pozizira pokha. Ana ake amabadwa oyera, pakuti m'mimba mwa make mumatentha paliponse. Akamakula, makutu, mphuno, miyendo ndi mchira zimada chifukwa mbali zimenezi nzozizirirapo. Jini ndi limodzimodzi m'thupi lonse, koma chotuluka chake chikudalira kutentha kwa pamalopo.

Sickle cell ndi malungo

Tibwerere kwa msuweni wanga. M'magazi muli maselo ofiira, ndipo m'maselowa muli puloteni yotchedwa himogulobini imene imanyamula mpweya wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi monse. Mu 1910 dokotala James Herrick wa ku Chicago analemba za wodwala amene maselo ake ofiira anali opindika ngati chikwakwa, m'malo mokhala obulungira. Mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anaonetsa kuti vuto lili mu himogulobini, ndipo cha m'ma 1956 ndi 1957 Vernon Ingram anapeza malo enieni a cholakwikacho. Mbali imodzi ya himogulobini ndi mkufu wa timikanda 146, ndipo kamkanda kachisanu ndi chimodzi ndiko kanasinthika. Pa DNA ndi chilembo chimodzi chokha: pamene payenera kukhala GAG pali GTG.

Mpweya ukachepa, himogulobini yotereyi imamatirirana ndi kupanga timitengo tolimba timene timapinda selo. Maselo opindikawo amatseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo ululu uja umachokera pamenepo. Amafanso msanga. Selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene lopindika limangokhala masiku 10 mpaka 20. Nchifukwa chake mwana amaperewera magazi ndi kuchita chikasu.

Malamulo a Mendel akugwira ntchito apa. Jini labwinobwino tilitche A, losinthika tilitche S. Munthu wa AA alibe vuto. Munthu wa SS ndiye amadwala. Munthu wa AS, monga azakhali anga ndi amuna ao, sadwala matendawa koma amanyamula jinilo. Anthu awiri a AS akakwatirana, pa pathupi paliponse pali mwai umodzi mwa inayi woti mwana akhale SS, iwiri mwa inayi woti akhale AS, ndi umodzi woti akhale AA. Chaka ndi chaka ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa pa dziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo amabadwira kuno ku Africa. Kale, kumene kunalibe chithandizo, ambiri ankamwalira asanakwanitse zaka 5.

Nanga bwanji jini la S silinathe? Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anayeza magazi a anthu a mitundu yosiyanasiyana kuvuma kwa Africa. Anaona kuti jini la S nlochuluka kumadera otsika ndi otentha kumene malungo ali ponseponse, koma nlosowa kumapiri kumene udzudzu wa malungo ndi wochepa. Mu 1954 anafalitsa mfundo yake yakuti anthu a AS amatetezeka ku malungo. Kafukufuku wa pambuyo pake anatsimikiza izi. Mwana wa AS angathe kudwala malungo, koma chiopsezo chake chodwala malungo aakulu, aja okomola ndi kutha magazi, chimatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100.

Tiyeni tione mudzi wa makedzana wopanda chipatala, wopanda neti, m'dera la udzudzu wambiri. Ana ena a AA akufa ndi malungo. Ana ambiri a SS akufa ndi sickle cell. Ana a AS ndiwo akupulumuka mochuluka, nakula, nabereka, napereka A ndi S yemwe kwa ana ao. Motero malungo ndi amene anasunga jini la S. M'madera ena a Africa, munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse ndi wa AS.

Koma tengani munthu yemweyo wa AS mupite naye ku dziko lopanda malungo. Chishango chija chilibenso ntchito, chatsala nchiopsezo chobereka mwana wodwala. Ndiponso pali zovuta zina zimene zimatembenuza zinthu: pamwamba pa mapiri ataliatali kumene mpweya ndi wochepa, kapena pa ntchito yolemetsa koopsa munthu atatha madzi m'thupi, wa AS naye nthawi zina amapeza mavuto, ngakhale izi sizichitika kawirikawiri. Vuto la malungo likulikweza jinili, vuto la kuchepa kwa mpweya likulitsitsa. Chilembo nchimodzi chomwecho.

Chloroquine: phunziro limene dziko lonse linatenga ku Malawi

Tione tsopano mbali ya mdani. Kwa tizilombo ta malungo, thupi la munthu amene wamwa mankhwala ndiwo malo ovuta.

Makolo athu akukumbukira chloroquine, kuwawa kwake pakamwa ndi kuyabwa kumene ankadzetsa kwa ena. Kwa zaka zambiri anali mankhwala otchipa ndi amphamvu. Kagwiridwe kake ka ntchito nkotere. Kachilombo ka malungo kamalowa m'selo lofiira ndi kumadya himogulobini. Pogaya chakudyacho pamatsala zinyalala zapoizoni, zimene kachilombo kamaziunjika pamodzi kuti zisakavulaze. Chloroquine amalowa m'kathumba kogayira chakudyako ndi kuletsa ntchito younjikayo, ndipo kachilombo kamafa ndi zinyalala zake zomwe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kumalire a Thailand ndi Cambodia komanso ku Colombia kunaoneka tizilombo tosamva chloroquine. Mu 1978 vutoli linapezeka kuvuma kwa Africa, ndipo linafalikira msanga. M'chaka cha 2000 asayansi anapeza jini limene linasinthika, lotchedwa pfcrt. Kusinthako kumachititsa kuti khomo lina la kathumba kaja lizitulutsa mankhwala kunja asanagwire ntchito.

Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chloroquine anali kulephera kuchiza ana ambiri m'dziko muno. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba SP, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Fansidar. Zimene zinatsatira zinadabwitsa akatswiri. Atayeza magazi a odwala a ku Blantyre amene anasungidwa chaka ndi chaka, anapeza kuti mu 1992 jini losinthika lija linkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse, koma pofika 2000 linatsika kufika pa 13. Mu 2005 anayesanso chloroquine pa kafukufuku wa ana 210 odwala malungo ku Blantyre komweko. Mwa ana amene analandira chloroquine, 99 pa 100 anachira, pamene mwa olandira SP anachira ndi 21 okha pa 100.

Kodi chinachitika nchiyani? Palibe amene anapha tizilombo tosamva mankhwalato. Nkhani ndi yakuti khomo losinthikalo lili ndi mtengo wake. Limatulutsa chloroquine, inde, koma ntchito yake ya masiku onse siliigwira bwino ngati kale, kotero kachilomboko kamaswana mochedwerapo. Pamene chloroquine anali m'magazi a anthu ambiri, kulipira mtengo umenewu kunali kwanzeru, pakuti tinzake tonse tinkafa. Mankhwala atachoka, tizilombo takale timene tinatsalira apo ndi apo tinayamba kuswana mofulumira ndi kupitirira tosinthikato. Zili ngati munthu wovala jasi lolemera. Mu Juni ku Dedza amaseka anzake onjenjemera, koma pa mpikisano wothamanga mu Okutobala ku Nsanje iye ndiye amatsalira.

Ndichenjeze pano kuti nkhaniyi sikutanthauza kuti tiyambe kugula chloroquine tikamva malungo. Boma silinamubwezere kukhala mankhwala ochizira malungo, ndipo kuyambira 2007 m'zipatala amapereka LA. Jasi lija silinatayidwe padziko. Chloroquine atayambanso kumwedwa payekha paliponse, tizilombo tosamva tingathe kuchulukanso.

Pali mfundo ina yofunika kuimvetsa. Mankhwala sauza kachilombo kuti, "Sintha jini lakuti." Mu 1943 Salvador Luria ndi Max Delbrück anaonetsa pa mabakiteriya kuti zosintha zimabwera mwangozi, vuto lisanafike nkomwe. Ntchito ya malo ovuta ili ngati ya sefa wa ufa: amangosankha zimene zidutse mwa zimene zilipo kale. Nzoona kuti mavuto ena, monga cheza champhamvu cha dzuwa, amachulukitsa zolakwika pa DNA, komabe sasankha kuti cholakwikacho chikhale chothandiza.

Kodi mavuto amakulitsa kuipa kwa zosintha zonse?

Zitsanzo ziwirizi ndi za majini apadera. Koma nanga zosintha zambirimbiri zija zimene zimangovulaza pang'ono? Nzeru ya msanga imatiuza kuti pamavuto ndi pamene kuipa kwake kumakula, monga denga lofoleredwa mosasamala limadziwika mvula ikagwa. Asayansi ambiri ankaganiza chomwecho, ndipo anakayesa m'malabotale. Njira yake ndi iyi: amatenga mabakiteriya, yisiti kapena tintchentche ta pa zipatso, ena okhala ndi zosintha, ena opanda. Onse amawaika pamalo abwino nayeza kuswana kwao, kenaka amawaikanso pamalo ovuta, monga potentha, pamchere wambiri kapena pa chakudya chochepa, nayezanso.

Zotsatira sizinagwirizane ndi nzeru ya msanga ija. M'mayeso ena mavuto anakulitsadi kuipa kwa zosintha. M'mayeso ena panalibe kusiyana. Ndipo mu 2003 Roy Kishony ndi Stanislas Leibler, poyesa mabakiteriya a E. coli, anapeza kuti mavuto ena, monga kuzizira ndi mankhwala ena ochedwetsa kukula, anachepetsa kusiyana kwa pakati pa mabakiteriya osinthika ndi abwinobwino. Mu 2010 Aneil Agrawal ndi Michael Whitlock a ku Canada anasonkhanitsa zotsatira za mayeso ambiri, napeza kuti palibe lamulo limodzi lakuti vuto lililonse limakulitsa kuipa kwa zosintha.

Poyamba izi zinandizunguza mutu, mpaka nditaganizira za njinga za kabaza. Tiyerekeze kuti pali njinga zitatu. Yoyamba ili bwinobwino, yachiwiri ili ndi mabuleki ofooka, yachitatu ili ndi tcheni chogwaigwa. Pa msewu wa tala wosalala, ya mabuleki ofooka imayenda ngati yabwino, koma ya tcheni imatsalira ndipo mwini wake amapeza ndalama zochepa. Potsika chitunda, ya tcheni ilibe nkhawa pakuti palibe kupalasa, koma ya mabuleki ikhoza kupha munthu. Mvula ikagwa msewu wa fumbi ndi kusanduka matope okhaokha, onse atatu amatsika ndi kumakankha, ndipo amafika pamodzi. Chitunda ndi vuto, matope ndi vuto, koma chitunda chaulula cholakwika chimodzi ndi kubisa china, pamene matope abisa zonse ziwiri. Motero funso loyenera ndi ili: kodi vutoli likukhudza mbali yomweyo imene yaonongeka? Likakhudza pomwepo, kuipa kumakula. Likagwira pena ndi kuchedwetsa aliyense mofanana, kuipa kumaoneka kochepa.

Pali chinanso. Mu 1930 katswiri wa masamu Ronald Fisher anafotokoza chifukwa chake zosintha zothandiza zimasowa pamtendere. Iye anapereka chitsanzo cha maikulosikopu, koma ife titenge wailesi ya agogo ija yopotokola. Ngati siteshoni ikumveka bwino, mwana akagwedeza kopotokolera, kaya kumanja kaya kumanzere, mau amaonongeka. Koma ngati wailesi ikungolira phokoso siteshoni ili chapatali pang'ono, kugwedeza kwangozi kungathe kukuyandikitsa pa siteshoniyo. Chamoyo chozolowera malo ake chili ngati wailesi yotcheredwa bwino, ndipo pafupifupi kusintha kulikonse kumachiononga. Malo akasintha nkukhala ovuta, siteshoni yasuntha, ndipo mwai woti kusintha kwina kuthandize umakula. Mu 2006 Guillaume Martin ndi Thomas Lenormand a ku France anaunika mayeso ambiri potsata ganizo la Fisher. Anapeza kuti chimene mavuto amachita kawirikawiri ndi kutalikitsa kusiyana pakati pa zosinthazo: zina zimaipiratu, zina zimakhala bwinoko, ngakhale kuti ukaziphatikiza zonse kuipa kwake sikukula nthawi zonse.

Zolakwika zobisika

Mbali yotsiriza ya phunziroli inandikumbutsa azakhali anga, amene ananyamula jini kwa zaka zambiri osadziwa. M'maselo muli puloteni yotchedwa Hsp90 imene ntchito yake ndi kuthandiza mapuloteni ena kupindika m'maonekedwe oyenera. Ili ngati kapitawo wabwino amene amawongola njerwa zokhota za amisiri ake khoma lisanaume. Chifukwa cha iyo, zolakwika zing'onozing'ono zambiri za m'majini sizionekera.

Mu 1998 Suzanne Rutherford ndi Susan Lindquist anafooketsa Hsp90 mwa tintchentche ta pa zipatso. Tina mwa ito tinabadwa ndi mapiko, maso kapena miyendo yopunduka, ndipo mtundu wa kupundukako unkadalira banja limene kantchentcheko kachokera. Izi zinasonyeza kuti zolakwikazo zinalipo kale m'majini, zinangobisika. Kutentha kwambiri nako kumatha kuchita zofananazo, pakuti mapuloteni ambiri amaonongeka nthawi imodzi ndipo kapitawo uja ntchito imamuchulukira. Motero malo ovuta amatha kutulutsira poyera zosintha zimene zinagona kwa mibadwo. Zambiri mwa izo zimavulaza, koma mwa apo ndi apo china chimapezeka choyenerana ndi malo atsopanowo.

Tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, matenda otengera kumtundu alibe wolakwa. Mwana wa sickle cell sanalodzedwe, ndipo mayi wake sanabwere ndi tsoka. Jini la S linachokera mbali zonse ziwiri, ndipo ndi lomwelo limene linapulumutsa makolo athu ambiri ku malungo kuti ifeyo tidzabadwe. Anzanga amene tikukonzekera kudzatumikira anthu, mabanja otere tidzakumana nawo, ena ali pafupi kupasuka. Tidzawathandiza bwino ngati tikudziwa chimene chikuchitika m'magazi a mwana wao. Achinyamata amene akukonzekera ukwati, makamaka ngati kumtundu kwao kuli matendawa, angachite bwino kufunsa kuchipatala za kuyezetsa magazi kuti alowe m'banja akudziwa.

Chachiwiri, jini sitingalisinthe pamudzi, koma malo tingathe kuwasintha. Mwana wa SS amavutika kwambiri akazizidwa, akatha madzi m'thupi, kapena akagwidwa ndi malungo ndi matenda ena. Kumufunditsa bwino, kumupatsa madzi akumwa pafupipafupi, kumugoneka m'neti, kumubayitsa katemera ndi kuthamangira naye kuchipatala thupi likangotentha, zonsezi zimachepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo. Alipo mankhwala otchedwa hydroxyurea amene amachepetsa kubwerabwera kwa ululu, ndipo amaperekedwa ndi madokotala. Chimodzimodzi abale athu achialubino. Iwo ali ndi kusintha pa jini la utoto wa khungu, ndipo mdani wa khungu lao ndi dzuwa, limene limabweretsa khansa. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa zimasintha malo amene khungu lao likukhala. Vuto lina limene iwo amakumana nalo, la nkhanza ndi zikhulupiriro zabodza, nlopangidwa ndi anthu, ndipo anthu omwe ndiwo angalithetse.

Chachitatu, tikamamwa mankhwala timakhala tikukonza malo a tizilombo. Munthu akamwa LA masiku awiri nasiya chifukwa wapeza bwino, kapena akagawana mapilitsi ndi mnzake, m'magazi mumatsala mankhwala osakwanira kupha tizilombo tonse. Timene timapulumuka ndi tija tolimbirako, ndipo udzudzu umatitenga kupita nato kwa mwana wa mnansi. Chiopsezochi sichili patali. Mu 2020 kunalengezedwa kuti ku Rwanda kwapezeka tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, gwero la mbali imodzi ya LA, ndipo mu 2021 zomwezo zinamveka ku Uganda. Tiyeni tiziyamba tayezetsa, timalize mankhwala onse monga atiuzira, ndipo tisamwe mankhwala a malungo pa mutu uliwonse umene watipweteka.

Chachinayi ndi cha kumunda. Mbewu ya chimanga imene imapambana chaka cha mvula yabwino siikhala nthawi zonse yomwe imapirira pa chilala monga cha 1992 kapena cha 2024. Majini amene saoneka phindu lake chaka chabwino angadzakhale chipulumutso chaka choipa. Nchifukwa chake akatswiri a zaulimi amayesa mbewu zatsopano m'madera osiyanasiyana, ouma ndi a mvula, ndiponso amasunga mbewu za makolo kuti zisathe.

Tchuthi chikubwerachi ndidzapitanso kwa azakhali. Ndakonza pepala limene ndajambulapo timabokosi tinayi ta Mendel, AA, AS, AS ndi SS, kuti ndikawaonetse pamodzi ndi amuna ao ndi agogo. Ndasunganso kandalama kogulira msuweni wanga juzi, pakuti Juni sali patali.

Mafunso oti tikambirane m'magulu

1. Bambo wa AA ndi mayi wa AS akabereka, kodi angakhale ndi mwana wa SS? Jambulani timabokosi kuti muone.

2. Malungo atatheratu m'dziko muno, kodi jini la S lingachuluke kapena kuchepa pakapita mibadwo yambiri? Chifukwa chiyani?

3. Fotokozani m'mau anuanu chifukwa chake tizilombo tosamva chloroquine tinachepa ku Blantyre pakati pa 1992 ndi 2000.

Mayankho anu mungapereke kwa akonzi a magazini ino kapena ku kalabu yathu ya Sayansi. 

Wophunzira wa Fomu 3